Nkhope Imene Kompyuta Inalota

Anthu amamutchula Nasingano chifukwa anakulira pa mashini osokera, pakhonde la sitolo ya nsalu. Ntchitoyi anamuphunzitsa ndi bambo ake. Atakalamba, mutu unayamba kuwasokonekera, choncho ankawakhazika pampando pafupi ndi mashiniwo kuti aziwaona.

Tsiku lina anapita kukagula zipi. Pobwera anapeza mpando uli wokha.

Anawafuna kumsika ndi kudepoti, osawapeza. Apolisi anati abweretse chithunzi. Chomwe anali nacho chinali chakale, nkhope ili ngati yaphimbidwa ndi utsi.

"Musadandaule achemwali," anatero wojambula zithunzi wa pakona. "Ndili ndi pulogalamu yanzeru pakompyutapa, ichiyeretsa pompano."

Panatuluka mkulu wosalala, wa mano onse, ngati bwana wa ku ofesi. Mtima wa Nasingano unakayika, koma anali wothedwa nzeru. Anachimata m'mitengo ya magetsi, n'kuchitumiza kwa aliyense wa m'foni mwake. Anthu ankaimba, iye n'kuthamangira komweko, n'kupeza bambo a eni. Mashini anagwira fumbi, mapazi anatupa. Kuchipatala nesi anayang'ana chithunzicho n'kupukusa mutu.

Pamene Nasingano anayamba kuganiza zokafunsa kunyumba yachisoni, anachiyang'anitsitsa ali pansi pa mtengo, n'kubwerera kwa wojambula uja.

"Achimwene, chipsera cha pachipumi chapita kuti? Bambo anga mano akutsogolo alibe."

Wojambulayo anazolika. "Pulogalamuyi siwadziwa bambo anu. Pomwe sikuona bwino imangolota, n'kuikapo zomwe inaona pa nkhope za anthu ena. Ndimayenera kukuuzani, kuti inu owadziwanu mutsimikize kaye."

"Ndiye masiku onsewa anthu akhala akundifunira munthu woti kulibe?"

Sanadikire yankho. Anabwerera kuchipatala chimanjamanja, n'kufotokoza ndi pakamwa: chipsera, mano, msana wopindika, chala chachikulu chokhala ndi chikhadabo chong'ambika. Nesi uja anati, "Tiyeni kuno."

Bambo ake anali muwodi ya abambo, pabedi lakumapeto, mwendo uli m'chikhakha. Inawagunda njinga yamoto tsiku lomwe anasowalo. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. Nasingano anangokhala pansi pasimenti atagwira chitsulo cha bedi.

"Wachedwa, mwana iwe," anatero bambo ake. "Anthu akunowa sadziwa kufunditsa munthu."