Dazi la Bambo

Kwathu kwa Chapananga, ikafika Okutobala chilichonse chimatentha: mphasa, khasu, mbuzi, ngakhale madzi a mumtsuko. Ndiye mwana akati mutu ukuwawa, dzanja palokha silikanadziwa ngati ndi malungo kapena dzuwa chabe. Chipatala chinali kutali, ndipo kubwereka ngolo chifukwa cha mwana amene akungothawa kukaingitsa mbalame m'mapira kunali kudzichotsa ulemu.

Amayi anapeza nzeru. Bambo anali ndi dazi losalala bwino, ndipo ankadzitama kuti chibadwire sanadwalepo. Choncho amayi ankayamba agwira dazilo, kenaka chipumi cha wodandaulayo. Zikafanana, nyamuka ukagwire ntchito. Mwana akaposa dazi, ngolo ibwere. Azimayi oyandikana nafe nawonso ankabwera ndi ana awo kudzayezera pomwepo, bambo atavula chipewa, atakhala pamthunzi mwaulemu ngati sikelo ya kumsika wa thonje. Ine dazi limenelo ndinkadana nalo, chifukwa linanditumiza kumbuzi kambirimbiri.

Tsiku lina mlongo wanga wamng'ono anadzuka ali lefuu, akukana ngakhale masau. Amayi anagwira dazi, nagwira mwana. Zinafanana ndendende. Anamusiya agone, koma mtima sunakhale pansi. Masana anandikoka ine n'kundigwira chipumi.

"Iwe wazizira bwanji ngati chule? Ukudwala!"

Ndinakondwa, ndinayamba kale kubuula. Koma amayi anagwiranso mwana wa pakhomo lina, nayenso chule. Anagwira mayi wake, chimodzimodzi. Anaima kaye pabwalo, dzanja lili m'malere.

"Mudzi wonse sungazizire tsiku limodzi," anatero, n'kutembenukira kumthunzi. "Bambo a ana, taimirirani."

"Ine chibadwire sindina..." Mawu anathera panjira, bambo ali khuu pansi.

Ngolo inanyamula awiri. Njira yonse bambo, khadi la chipani lomwe ankafunsa pachipatala masiku amenewo lili m'manja, ankauza aliyense wodutsa kuti akungoperekeza mwana. Ine ndinkayenda m'mbuyo ndili ndi mantha, chifukwa mlongo wanga anali atasiya kuyankha. Adokotala anati tikanagona naye mwanayo usiku wina kunyumba, bwenzi tikunena zina.

Onse awiri atachira, amayi anafunsa chimene bambo anabisira matenda.

"Nanga ndikanati ndikudwala, anthu akanayezera pati?"

"Sikelo yonama ikanandiphera mwana," anatero amayi. Kuyambira pamenepo dazi nalonso linkayesedwa kaye pa zipumi ziwiri kapena zitatu lisanayambe ntchito. Bambo ankang'ung'udza, koma mutu ankaweramitsa ndithu.

Patapita zaka zambiri, bambo anamwalira. Amayi anasanjika dzanja padazi lozizira lija nthawi yaitali. Kenaka anagwira chipumi changa, ine munthu wa ndevu kale, n'kundiuza kuti ndikutentha kwambiri, ndikagone.