Njinga ndimapalasa, kuimirira kumandikanika

Moni ana anga ndi abale nonse.

Lero kunacha ndi nkhungu yochokera kumtsinje, sitima ikulira chapatali ngati m'maloto. Ndinakwera basi ya ku Lusaka kukamva zotsatira za chithunzi cha msana wanga.

Mukudziwa kuti ndikaimirira kapena kuyenda pang'ono, miyendo imachita dzanzi n'kulemera. Koma pa njinga ndimafika ku Chanyanya bwinobwino. N'chifukwa chake achinyamata a kwaya anandichotsa pamzere wa oimba. Wina anati, "Ba Phiri, kupalasa mupalasa, koma kuimirira pamaso pa Mulungu mukana?"

Adokotala andionetsa chithunzicho. Njira imene mitsempha imadutsa m'kati mwa msana yachepa ndi ukalamba. Ndikawerama, monga pa njinga, imatseguka pang'ono. Ndikaima chilili, imapana mitsempha. Chithunzicho ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Chinkaoneka ngati mtsinje wa Kafue pamene bango lamera mbali zonse, bwato n'kumadutsa movutikira. M'maganizo ndinaona malemu akazi anga, amake Chisomo, atakhala kutsogolo kwa bwatolo, dzanja lili m'madzi. Iwo sanandikayikirepo. Tikamapita kutchalitchi ankaima nane panjira kuti ndipumule, n'kumachita ngati akumanga mpango.

Adokotala ati ndiyambe ndi mankhwala ndi masewera olimbitsa msana. Opaleshoni ndi ya pambuyo, izi zikakanika.

Inu mukuti bwanji, ndikawauze a kwaya Lamulungu kapena ndingokhala chete? Kuimba ndikukufunabe, ngakhale nditakhala pampando.

Ana a kwaya aja sankadziwa, inenso sindinkadziwa. Ndawakhululukira.