A Chidendene anandibisira nsapato

Pakhonde pa golosale yapamphambano pamakhala bambo wosoka nsapato. Tonse timawaitana a Chidendene, chifukwa ukawapatsa moni amayamba ayang'ana kumapazi kwako, nkhope amaiona pambuyo. Katundu wawo ndi benchi, phazi lachitsulo lokhomerapo, chitini cha guluu, timisomali ta m'botolo la mankhwala a chifuwa, ndi zidutswa za matayala. Nsapato zimene eni ake anaziiwala amazipachika pawaya, ziwiriziwiri. Sayankhula zambiri. Akaluma ulusi ndiye basi, ukhoza kuwauza nkhani yonse iwo n'kumangoti "mhm".

Ine kuno ndinabwera ndi ukwati, ndisakudziwa aliyense. Amuna anga amayendetsa lole, akachoka amatha milungu itatu. Ndinkakhala ndi apongozi anga aakazi ndi khanda m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo tsiku lonse mawu anga ankangokhala "eya" ndi "ayi". Amene ananditulutsa ndi amake mapasa, oyandikana nafe khomo.

"Iwe, ukufuna umere mizu m'nyumbamo? Mawa ubereke mwanayo tikayende."

"Tikayende kupita kuti?"

"Kulibe kopita. Timangoyenda n'kubwerako. Usadabwe, ndi misala yathu."

Gululo limakumana Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka kukangocha, pabwalo la kachipatala kathu. Timadutsa kumsika mashopu asanatsegule, kuwoloka mlatho, kuzungulira sukulu, n'kubwerera. Muli a shuga, a bipi, ofuna kuphwetsa mimba, ndi ena obwerera miseche basi. Kutsogolo kumakhala Aphunzitsi, mayi wopuma ntchito, ali ndi wenzulo m'khosi. Kumbuyo kwenikweni kumakhala a Chidendene.

Sikuti ndi ofooka. Miyendo yawo ndi yaitali, akanafuna akanatisiya tonse. Koma ali ndi lamulo lawolawo lakuti iwo alipo, palibe amene adzafike womaliza. Ukaima kuti umange bwino mwana, iwonso amaima n'kuyamba kuwerenga chikwangwani cha mseu ngati muli uthenga watsopano. Ukanyamuka, nawonso amaliza kuwerenga.

Tsiku loyamba ndinavala patapata. Pobwerera anandiyandikira.

"Mayi, patapata ameneyo akuthyolani msana. Mudzere pakhonde masana."

Ndinapita mwamanyazi. Anatsitsa pawaya nsapato zansalu, anali ataziika kale chopondera chatsopano.

"Papita zaka ziwiri mwini wake osabwera. Akabwera tidzamuuza kuti zinapita kokayenda."

Kumbuyo kumeneko amaona zonse. Umangomva: "Amake mapasa, mukudya chidendene chakumanzere. Bondo layambanso?"

"Bambo inu, maso anu alibe ntchito ina?"

"Gawo langa ndi lapansi, mayi. Zam'mwambazo ndi za abambo a mapasa."

Anthu kuseka mpaka Aphunzitsi kuliza wenzulo. Inenso ndinayamba kuseka nawo, kenako kuyankhako, kenako kudziwa kuti uyu mwana wake akudwala, uyu wachotsedwa ntchito. Masiku atatu amenewo ndi amene ndinkawadikira.

Mwana wanga asanakwanitse n'chaka chomwe, ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Amuna anga anadziwa, apongozi anadziwa, koma sikelo sindinayambe. Anesi a pakachipatalapo ndi omwe aja anandiphunzitsa za kulera nditangochira mwana woyamba. Ndinagwedeza mutu pa chilichonse, koma sindinabwerereko. Tsopano ndinkangodziona nditakhala pabenchi, amayi onse akundiyang'ana, anesi akufunsa mokweza kuti, "Watumbiza?" Apongozi akandikumbutsa ndinkati ndipita mawa. Mawa ameneyo anafika miyezi isanu ndi umodzi. Koyenda ndinkavala juzi yaikulu ya amuna anga, ndipo mimba yanga si yotuluka kwambiri, ndiye ndinkati palibe akudziwa.

Nthawi yomweyo gulu linakonza ulendo wa ndawala. Kachipatalako kanali ndi makina amodzi oyezera bipi, lamba wake womata ndi tepi. Tinagwirizana kuyenda makilomita khumi Loweruka lina, kuti amashopu ndi anthu akufuna kwabwino atithandize kugula atsopano. Anasindikiza masikipa achikasu. Ine ndinasankha yaikulu kuposa onse n'kuiika pansi pa pilo. Chisiyireni sukulu ndinali ndisanavalepo chovala chofanana ndi anzanga.

Aphunzitsi analengeza kuti tsikulo aliyense ayambe wayezedwa bipi patebulo la anesi asananyamuke. Ndinakonza zakuti ndidzafike mochedwa, ndidzangolowa pakati pa anthu wenzulo ikalira.

Mlungu womwewo mapazi anga anayamba kutupa. Mutu unkawawa pachipumi, ndikawerama ndinkaona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani. Ndinkati ndi kutopa. Ndinamasula zingwe za nsapato mpaka zinatsala tinsonga tosamangika. Lachinayi ndinatsalira kwambiri, a Chidendene ali pambali panga.

"Zingwe zafupika, kapena?"

"Ndinazichapa, zinakhwinyata."

"Oo. Zingwe za masiku ano."

Anayenda pambali panga mpaka tinafika.

Lachisanu ndinawatengera nsapatozo kuti azikulitse pang'ono. Anazitembenuza, analowetsa dzanja m'kati, kenako anayang'ana mapazi anga m'patapata.

"Tadinani ndi chala pamwamba pa phazi apo."

Ndinadina. Chala chinasiya dzenje, ndipo dzenjelo silinabwerere msanga. Ndinabisa phazilo kuseri kwa linzake.

"Mawa mudzazipeza pabwalo," anatero, n'kuluma ulusi.

Loweruka ndinasiya mwana ndi apongozi n'kufika mochedwa monga ndinakonzera. Pabwalo panali chikasu chokhachokha. Ana asukulu ananyamula chinsalu cholembedwa, apolisi awiri anaima pamseu, nyimbo zikuphulika pachimkuzamawu. Tebulo la anesi linali pansi pa mtengo, mzere utatsala anthu atatu. A Chidendene ndinawapeza pamasitepe a kachipatala, nawonso m'sikipa yachikasu yowafika m'chiuno movutikira.

"Bambo, nsapato zija?"

"Zili apo."

Analoza ndi mlomo. Nsapato zanga zinali pansi pa tebulo la anesi, zitagundana ndi mapazi a anesiwo.

"Mwaziikiranji pamenepo?"

"Ndinasowa poika."

"Kanditengereni, chonde."

"Msana wanga suwerama Loweruka."

Sindinakwezepo mawu kwa munthu wamkulu, koma tsikulo ndinati, "Basi zisiyeni. Ndiyenda ndi patapata."

"Yendani. Ine ndikhala pompano mpaka muyezedwe."

Wenzulo inalira. Anthu anayamba kutuluka pageti akuimba. Aphunzitsi anacheuka n'kukuwa, "A Chidendene, kumbuyo kulibe munthu! Tiyeni!"

"Tsogolani, Aphunzitsi! Ndikudikira womaliza!"

Munthu amene sanajombepo chiyambireni gulu anakhala pansi, manja pamaondo. Ine ndinaima pakati pa geti ndi masitepe ngati mbuzi yomangidwa.

"Khalani apa, mayi, ndikuuzeni," anatero motsitsa. "Juzi imabisa kutsogolo. Ine ndimayenda kumbuyo. Papita miyezi itatu mukuyenda ngati munthu wanyamula ndowa yodzaza."

Ndinakhala, misozi ili m'maso.

"Mayi a kunyumba kwanga anandibweretsera nsapato kuti zikuwathina. Anali oyembekezera mwana wathu woyamba, tinamudikira zaka zisanu ndi zinayi. Ndinazikulitsa. Patapita milungu iwiri anabweretsanso. Ndinazikulitsanso, bwino kwambiri, mpaka ananditamanda kuti ndine mmisiri. Kachitatu sanabweretse. Anagwa akuyanika zovala. Kuchipatala anandifunsa kuti, 'Kodi mapaziwa simunkawaona?' Ndinati ndinkawaona. Ine ndi amene ndinkawaona kuposa aliyense."

Anapukuta mphuno ndi mkono.

"Papita zaka makumi awiri ndi zitatu chiwaikireni m'manda, mwana ali m'mimba. Chiyambire pamenepo nsapato ya phazi lotupa sindikulitsa. Zanuzo sindinazikhudze n'komwe. Mundikwiyire, si kanthu, koma mukwiye muli moyo."

Nyimbo zinali zitafika kale kumsika. Anesi anali atayamba kupinda lamba wa makina aja. Ndinadzuka ndekha. Ndinapita patebulo paja.

"Ndabwera kudzatenga nsapato," ndinatero.

"Pano nsapato timapereka kwa oyezedwa. Khala pansi, bweretsa mkono."

Anapopa, anayang'ana, anamasula, anasintha mkono n'kupopanso. Nkhope yawo inasintha. Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la sopo wawo, n'kufunsa monong'ona, "Miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi. Pepani, anesi, ine..."

"Zokalipa ndikukusungira, udzazilandira ukachira. Mutu ukuwawa? Ukuona bwinobwino?"

Nditayankha sanafunsenso zambiri. Anandigoneka pabedi la m'kati, anandipatsa mankhwala, anaimba foni. Galimoto ya kuchipatala chachikulu itafika, a Chidendene anali atathamanga kale kukatenga apongozi. Anatithandiza kukwera, anandiikira nsapato zija pamiyendo, n'kutseka chitseko.

Ndisaname, masiku awiri oyamba ndinawakwiyira. Ndinkagona pabedi nditayang'ana khoma, ndikuganiza za sikipa yanga imene sinadutse n'pageti pomwe. Tsiku lachitatu mayi wa bedi loyandikana nane, wodwala zomwezi, anayamba kukomoka pamaso panga, anesi akuthamanga ndi zotchinga. Mkwiyo unathera pamenepo.

Amake mapasa anabwera kudzandiona ndi gulu la amayi asanu ndi mmodzi, mpaka mlonda anawalowetsa awiriawiri.

"Mfiti iwe," anatero akundisendera lalanje. "Miyezi isanu ndi umodzi khomo limodzi ndi ine! Ukanandiuza ndikanakuperekeza, anesiwo ndikanawatseka pakamwa ndine. Mapasa anga anasiyana ndi mkulu wawo miyezi khumi ndi umodzi, unamva kuti ndinafa ndi manyazi?"

Ndi iwo amene anandiuza zimene zinachitika galimoto itachoka. A Chidendene anayamba ulendo uja okha, makilomita onse khumi, dzuwa litakwera, popanda nyimbo kapena apolisi. Anafika anthu akusanja mipando. Aphunzitsi atawafunsa kuti mwavutikiranji, anati mayi wa pagolosale anapereka thandizo lake chifukwa cha miyendo yawo, ndiye sangamubere. Makina anagulidwa awiri.

Ndinakhala m'chipatala milungu isanu. Bipi inkatsika n'kukweranso, mpaka madokotala anati mwana atuluke msanga. Anabadwa pa opaleshoni, kamtsikana, kochepa moti amuna anga anaopa kukagwira. Ndinakasunga pachifuwa usana ndi usiku kwa milungu ina inayi. Zokalipa zija anesi athu sanaziiwale. Nditayamba sikelo ya mwana ananditengera m'kachipinda, anatseka chitseko, n'kundipatsa zonse mosatsala. Pomaliza anandikumbatira.

Mwana atakwanitsa miyezi itatu ndinapita naye pakhonde paja. Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri, ena ndinachita kuwayeserera kubafa. A Chidendene anali akukhoma nsapato yasukulu, timisomali tili kukamwa. Atandiona anatilavulira m'dzanja.

"Mwachira, mayi?"

"Ndachira, bambo."

"Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa."

Mawu onse aja anathawa. Ndinangomasula mwana n'kuwapatsira.

"Ayi, ayi, manja anga ndi guluu yekhayekha."

"Guluu sapha," ndinatero, n'kumuika m'manja mwawo.

Anamulandira mouma, zigongono zili m'mwamba, ngati wanyamula thireyi ya mazira. Mwanayo anayasamula, anatambasula kadzanja n'kugwira kolala ya malaya awo. A Chidendene anamuyang'anitsitsa kumaso.

"Ndi wamkazi?"

"Eya."

"Wathu uja sitinadziwe ngati anali wamkazi kapena wamwamuna."

Pomwepo panafika bambo wina wataye, nsapato imodzi ili m'manja, akudumphira mwendo umodzi.

"Amisiri, chonde mwachangu, ndachedwa ku ofesi!"

A Chidendene sanadzutse n'mutu womwe.

"Khalani pabenchipo, achimwene, mudikire. Simukuona kuti manja ali ndi mlendo?"