Kagalimoto ka Alamu Anga m'Garaja Yanga

Alamu anga a Bonaventure, amuna awo a achemwali anga, moyo wawo wonse anayendetsa magalimoto a eni ake. Anabadwira pa famu ina ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo anayamba ndi thirakitala ya mzungu. Atafika kuno ku London anagwira basi yofiira, yosanjikiza ija. Ndiye mu 2004, imvi zili mbuu, anakagula kagalimoto kakale ka MG, ka mipando iwiri, kopanda denga. "Aka ndi kanga," anatero, akukasisita ngati khanda.

Kawo inde, koma garaja inali yanga! Iwo amakhala pa fulati ku Tottenham, popanda poimika ngakhale njinga. Zaka ziwiri ine ndikupunthwa pa masipanala, katundu wanga wotumiza kumudzi atadzaza pabalaza. Ndinatopa nazo.

Kagalimotoko ankapita nako ku mpikisano wokhotakhota pakati pa makoni apulasitiki, pabwalo loimikapo magalimoto. Galimoto imalowa imodziimodzi, ndipo ukagunda koni amakuwonjezera nthawi. Alamu anga ankagwetsa makoni ngati akukolola chimanga. Tsiku lina ndinawauza maso ndi maso: "Alamu, mukagwetsanso Loweruka lomwe likubwerali, kachotseni kuno." Tonse tinkadziwa kuti kakachoka kwanga ndiye kuti kagulitsidwa.

Vuto anali kulidziwa. Woyendetsa basi sakhota msanga. Amayamba wapitirira kaye, kenaka n'kupinda, kuti matayala akumbuyo asakwere pamene pakuyenda anthu. Manja awo anazolowera zimenezo moti sakanasinthanso. Koma chiwongolero cha kagalimotoko chinali chitatha: ukapotoza, matayala amayamba aganiza kaye. Kukhota mochedwa, galimoto n'kumveranso mochedwa, mapeto ake mphuno m'makoni.

"Manjawa sindingawasinthe, mlamu," anatero. "Ndisintha galimoto."

Sabata imeneyo akaweruka ankabwera molunjika, yunifolomu ili m'thupi. Anachotsa raki yakale, chitsulo chamanomano chimene chimakankha matayala ukapotoza chiwongolero, n'kuikamo ina yoti kungogwedeza pang'ono galimoto yatembenuka kale. Anasintha mfundo zakumapeto kwake, ndi timalabala tonse tomwe tinali titafumbutuka. Matayala anawawongola ndi ulusi wanga wosokera, osapempha n'komwe. Nditayesa kupotoza chiwongolerocho galimoto ili chiimire, mayo ine, kulimba kwake!

"Ndi mapewa anuwo mukwanitsa?"

"Thirakitala ija inkalimba kuposa apa."

Loweruka tinapita, ine ndi achemwali anga a Tambudzai, ku bwalo lina kupitirira Wembley. Kunali mphepo yoluma makutu. Ndinanena kuti ndabwera kudzaona ndi maso anga kuti pasakhale zonamizana, koma kunena zoona mtima unali m'mwamba.

Mbendera itatsika, kagalimoto kanalira. Kanafika pa koni yoyamba, kakupitirira, ine ndatseka kale diso limodzi, kenaka kanangoti khotu! Tayala lakumbuyo linadutsa pafupi penipeni ndi koni, koni ili chilili. Yachiwiri chimodzimodzi. Apo ndi pamene anthu anayamba kufa nazo nseko. Ndinapsa mtima, ndati akuseka chiyani anthu awa? Kuyang'anitsitsa, abale inu, alamu anga akuyatsa indiketa pa koni iliyonse! Kumanja, kumanzere, kumanja, ngati kumbuyo kwawo kukubwera magalimoto a mumsewu wa Seven Sisters.

Anthuwo anaseka mpaka nthawi ya alamu anga italembedwa pa bolodi, kenaka kuseka kunasanduka m'manja. Maulendo onse a tsikulo sanagunde koni ngakhale imodzi, ndipo pa magalimoto akale anakhala achiwiri. Ine, mayi wamkulu, nesi wolemekezeka, ndinalulutira mpaka mzungu wogwira wotchi anadzidzimuka. A Tambudzai ankangolira.

Tinathamangira pomwe alamu anga anaima. Anavula chipewa cholimba cha mpikisano, thukuta lili kamukamu. Anthu ankawaitana kuti akalandire kachikho kawo, iwo osasuntha. Anandiyang'ana ine.

"Mlamu, ndiye madzulo ano ndikakaimike kuti?"

"Funso lanji limenelo? Kwawo, m'garaja yanga! Sunthani mwendowo ndikwere, achemwali abwera pa sitima."