Mbuya Wanga ndi Kompyuta ya pa Boma

Kompyuta inafika ku Petauke chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene tinali kufola mizele ya unga ndi shuga, khadi la chipani lili m'thumba la malaya pamodzi ndi chitupa. Ndinali kalaliki pa ofesi ina ya zaulimi pa boma. Ntchito yanga inali kulemba maina a alimi a thonje ndi chimanga, a ku Nyimba, ku Ndake mpaka ku Nyalugwe, ndi kukula kwa minda yawo. Ndinaigwila zaka zambili pa taipilaita.

Titamva kuti munthu mmodzi apita ku Lusaka kukaphunzila makina atsopanowo, ndinapeleka suti yanga ya safali kwa telala kuti akonze kolala. Akuluakulu anatumiza wina. Anali Mubemba, wochepelapo zaka kwa ine, amene anabwela pa ofesi yathu chaka chapitacho. 

Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Mbuya amakunyoza pa anthu, amakulanda chipewa, ngakhale pamalilo amakupaka ufa kumaso, ndipo suyenela kukwiya. Uyenela kuseka ndi kubwezela. Iye anali katswili pa mwambo umenewu. Ine ayi, chifukwa mawu obwezela amandifika mochedwa, ndili kale panjinga kupita kunyumba.

Makinawo anali bokosi limodzi lalikulu m'chipinda cha mkati, ndipo nthambo zinali kuchoka mmenemo kufika ku masikilini a pa madesiki athu. Ukalemba dzina lako ndi mawu achinsinsi, pakona pa sikilini panali kuoneka chizindikilo cha dola, kakuwala kakuthwanima pambali pake. Mbuya wangayo atabwela kuchokela ku Lusaka anatiuza kuti chizindikilocho ndi cha pulogalamu yolandila malamulo, imene iye anaipatsa dzina loti kapitao. Ulemba chimene ufuna, kapitao achita, kenako dola ionekanso kudikila lamulo lina.

Masabata oyamba tonse tinali nayo dola imeneyo. Anzanga sanaisamale. Anali kulemba lamulo limodzi lokha lotsegula pulogalamu ya alimi, basi. Ine ndinali kutsala masana ena akapita kukadya, chinangwa chowotcha chili pambali, kuyesa malamulo amene ndinaona mbuya akulemba. Ndinaphunzila kufunsa tsiku, kuona mafailo, kuona amene alowa. Ndinapeza lamulo loonetsa ntchito zonse zimene zikuyenda m'makina, iliyonse ndi nambala yake. Chichokele ku Fomu Faivi, inali nthawi yoyamba kupita kuntchito ndili ndi funso m'mutu. Ndinali kudziuza kuti tsiku limene adzafuna munthu wachiwili wodziwa makina, adzapeza kuti alipo kale.

Msika wa thonje utatsegulidwa, makina anayamba kulemela. Tonse tikakhala pa masikilini nthawi imodzi, unali kudinda batani, chilembo ndi kubwela pambuyo ngati chikuchokela ku Chipata. Lolemba lina m'mawa ndinalemba dzina langa ndi mawu achinsinsi, koma dola sinaoneke. Pulogalamu ya alimi inatseguka yokha. Nditaitseka, makina anandibweza pakhomo, pofunsa dzina. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndinasuzumila kwa mbuya. Yake inali kuthwanima bwinobwino.

"Mbuya, makina anga awonongeka," ndinatelo.

"Mwagwila mabatani ndi manja a mbewa, imwe?"

"Dola yapita."

"Siinapite yokha, mukwai. Ndaichotsa ndine. Kokani mpando."

Ndinakoka. Munthuyo anali kudziwa kufotokoza, ndipo chimenecho chinali kundinyansa kuposa zonyoza zake.

"Masiku onse mukaitana pulogalamu ya alimi, kapitao sapita yekha," anayamba. "Amadzigawa pawili, iye ndi mwana wofanana naye ndendende. Mwana apatsidwa nambala yake. Ndiye mwanayo apita kwa mwini makina, pulogalamu yaikulu ija yoyendetsa zonse, ndi pempho lotchedwa exec. Akuti chotsani zonse zili mwa ine, muikemo pulogalamu ya alimi. Kapitao akhala pansi kudikila. Mwana akatsiliza, kapitao aimilila, ndiyo dola yanu ija. Tili pamodzi, kapena ndikambe m'Chinsenga?"

"Pitilizani."

"Manje kwa imwe kapitao sabalanso mwana. Apempha exec iye mwini."

Anandionetsa. Pa sikilini yake anaitana ntchito zonse, nandiloza nambala ya kapitao wake. Analemba exec ndi dzina la pulogalamu ya alimi, ndipo pulogalamuyo inatseguka. Tinapita pa sikilini ina, analowa ndi dzina lake, naitananso ntchito zonse. Nambala ija inali pomwepo, koma dzina la pambali pake linali litasintha.

"Mwaona? Nambala yomweyo, sikilini yomweyo, mafailo amene anali otsegula akali otsegula. Koma wamkati ndi wina. Zimene kapitao anali nazo m'mutu zafufutika. Exec ikatheka siibwelela kwa amene anaipempha, chifukwa iyeyo kulibenso. Ndiye pulogalamu ikatha, mubwelela kwa ndani? Palibe akukudikilani. Mutuluka."

Ndinamva nthawi yomweyo. Malume anga atamwalila ku Ndake, mphwawo wina analowa dzina. Tinayamba kumuitana ndi dzina la malemu, anakhala pamalo pawo pa milandu ya banja, azilamu a malume anakhala azilamu ake. Koma anali munthu wina, ndipo palibe amene anali kuyembekezela kuti iye akatopa malume adzabwelanso. Sindinamuuze mbuya zimenezi. Ndinangoganiza kuti ine, munthu womva msanga chotele, ndine amene anandisiya ku Petauke.

"Chifukwa chiyani?" ndinafunsa.

Anati malo okumbukila m'makina ndi ochepa, ndipo kapitao aliyense wokhala pansi kudikila amadya malo. Anali atalemba mzele umodzi m'kafailo kamene makina amawelenga munthu akangolowa. Anachita zimenezi kwa makalaliki onse.

"Nanga kwa inu?"

"Wina afunika kutsala ndi makiyi, mbuya. Tikapatsa imwe, mailo kukacha tipeza bokosi lonse mwakumba kufuna mbewa."

Ofesi yonse inaseka. Madzulo ndili pafupi ndi msika ndinapeza chomuyankha, chokhudza makiyi ndi kolwe, anyani amene timawanyoza nawo Abemba, koma chinali chitazizila.

Choipa kwambili chinali chakuti iye sananame. Makina anapepuka. Anzanga anamuthokoza, chifukwa tsopano sanali kufunika kukumbuka ngakhale lamulo limodzi lija. Amai ena amene tinali kulemba nawo anamubweletsela nshawa, mtedza wokazinga. Ine ndinapita kwa bwana wa ofesi. Ndinakamba mwaulemu kuti ndinali kuphunzila, ndipo dola imodzi yokha singalemetse makina. Bwana anandimvela akupukuta magalasi.

"Wakuchitani zimenezi ndi Mubemba uja?"

"Ndi iyeyo, bwana."

Anaseka. "Za chimbuya musandibweletsele kuno, bambo. Kakambilaneni nokha."

Kupempha mbuya sindikanatha. Akanandipatsa kapena kundimana, koma mulimonse nkhaniyo ikanafika ku msika ndi ku tchalitchi isanathe sabata. Panapita miyezi. Desiki yake inali kutsogolo kwanga, ndipo ndinali kuona dola yake pamwamba pa phewa lake. Ndinafika podziwa kulila kwa mabatani ake. Akamalemba maina a alimi anali kudinda mofanana ngati tonsefe. Akamalankhula ndi kapitao anali kudinda pang'ono, kuima, kudindanso, nthawi zina kuseka yekha. Anthu a m'maofesi ena anali kubwela kudzamufunsa zinthu, ena mpaka kumutcha injiniya. Ine ndinali kutsiliza maina anga msanga kuposa onse, ndipo kutsiliza msanga kunali kungotanthauza kubwezedwa msanga pakhomo. Akazi anga anandifunsa ngati ndikudwala m'mimba.

Dzina la kafailo kaja ndinali nditaliona tsiku limene anandionetsa. Ndinadziwa kuti nditakhala pa dola yake kanthawi kochepa, ndikhoza kutsegula kafailo kanga ndi kuchotsa liwu limodzi lija la exec. Koma iye akamachoka pampando anali kutuluka m'makina nthawi zonse, ngakhale popita kukamwa madzi. Ndipo kuchita mobisa sindinafune. Ndinaganiza zogwilitsa ntchito mwambo womwewo umene unali kunditseka pakamwa. Chimene mbuya walanda poyela, mwini wake sakana.

Mpata unapezeka m'mawa wina pamene dalaivala wa ofesi anafika kuchokela ku Nyimba ndi mapepala a alimi ndi mkoko wa nthochi. Anaimika galimoto pafupi ndi zenela, naitana. Mbuya anali wokonda nthochi za ku Nyimba. Anadumpha kupita pazenela osatuluka m'makina. Ndinanyamuka, ndinakhala pampando wake, ndipo ndinakweza mawu kuti onse amve.

"Mpando uno ndalanda, mbuya, ndi zonse zili pamenepa."

Amai aja anawomba m'manja.

"Lelo mwakumana nazo, a kumpoto. Simungakane."

Iye anatembenuka, nthochi ili kukamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana sikilini.

"Mwalanda zoona, mudala?"

"Ndalanda."

"Mwambo ndi mwambo. Khalani."

Ndinayamba kulemba lamulo lotsegula kafailo. Ndinali nditaliyeseza kambili pa taipilaita yakale, komabe ndinali kuchedwa. Ndisanafike pakati iye anali ataima kumbuyo kwanga, akununkhila nthochi.

"Mlendo sakhala pamalo osasesa. Lekani ndikukonzeleni."

Anadutsitsa mikono pamwamba pa mapewa anga, nafufuta zimene ndinalemba. Ndinaona zilembo zikubwela chimodzichimodzi, exec, kenako dzina la pulogalamu ya alimi. Ndinadziwa chimene chikubwela, koma kugwila dzanja lake kukanakhala kukwiya. Anadinda. Dola inachoka, ndipo patsogolo panga panali mizele ija ya dzina la mlimi, mudzi, kukula kwa munda.

"Mpando ndi wanu, sikilini ndi yanu," anatelo. "Ngakhale nambala ndakusiyilani yanga. Ndani anakuchitilani zotele chibadwile?"

Anatenga mapepala a ku Nyimba kwa dalaivala, nawaika pamaso panga, nthochi imodzi pamwamba. Kenako anapita kumbuyo kukakhala pa desiki yanga. Ndinamva akulemba dzina lake. Sindinafunike kucheuka kuti ndidziwe chimene chaoneka pa sikilini yanga, koma ndinacheuka. Dola inali pomwepo.

Onse anali kuseka, ngakhale dalaivala pazenela amene sanadziwe chimene chachitika. Nanenso ndinaseka, chifukwa kusaseka kukanakhala mlandu wanga. Ndinakhala pampando wolandawo tsiku lonse, ndikulemba alimi a ku Nyalugwe, mbuya akudinda pang'ono ndi kuima kumbuyo kwanga. M'mawa mwake aliyense anabwelela pa desiki yake. Sindinayesenso, ndipo pa dzina langa dola sinaonekenso mpaka pamene ndinachoka pa ofesiyo.