Chilimwe Chimene Amalume Anadula Galimoto

Fungo la chitsulo chopsa ndi limene limandibwezera ku Bowie, tauni ya ku Maryland, ku America. Si fungo la utsi ayi, koma lija limatsalira m'mphuno munthu akangomaliza kudula chitsulo ndi girainda, lowawasa pang'ono ngati wanyambita kiyi. Chilimwe chimenecho ndinali nditangomaliza giredi yachinayi. Tinkachita lendi nyumba ina mumsewu wokhotakhota, momwe nyumba iliyonse inali ndi kapinga kutsogolo ndi mitengo italiitali kumbuyo. Kutentha kwa ku Maryland n'kwa chinyontho, ndipo malaya ankamatirira kumsana munthu usanafike n'komwe pabokosi la makalata. Nyenje zinkalira m'mitengo kuyambira m'mawa, ndipo makina oziziritsira nyumba ankang'ung'udza pawindo lililonse.

Amalume a Fatsani anafika sukulu zitangotsekera. Anali mlongo wawo wa amayi, wamng'ono kwa iwo, ndipo kwathu ku Malawi anali makaniko wa maminibasi ku Limbe. Akazi awo anali atamwalira chaka cham'mbuyo, atangodwala kanthawi kochepa. Zimene zinatsatira maliro ndinkazimva m'zidutswa amayi akamalankhula pafoni: mowa, galaja yotseka, mwana wosiyidwa kwa agogo ku Chilomoni. Amayi ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo anadziwonjezera mashifiti mpaka anawagulira tikiti. Anabwera pa viza ya alendo, kotero sankaloledwa kugwira ntchito. Tinawayalira kuchipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira. Masabata oyamba ankangokhala pamasitepe a kuseri, fodya ali kumanja, n'kumayang'ana agologolo.

Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi amayi ankakanda khadi la foni n'kuimba ku Chilomoni. Foni ikangolumikizika amalume ankanyamuka mwakachetechete n'kutuluka panja. Mwana wawo wamkazi Chisomo, msuweni wanga, anali wa msinkhu wanga, ndiye ankandipatsa ineyo kuti ndicheze naye. Iye ankalankhula Chichewa, ine n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo tinkamvana choncho. Sankafunsa za abambo ake. Ankandifunsa ngati kuno nkhuku zimayenda pabwalo, komanso ngati ndinagwirapo sino, chipale chofewa chija chimagwa nyengo yozizira.

Kuseri kwa mpanda wathu wa waya kunkakhala a Coleman, bambo wachikulire wakuda wa konkuno ku America. Anapuma pantchito yoyendetsa mabasi, akazi awo anamwalira kalekale, ndipo dzanja lawo lamanzere linafooka ndi sitiroko. Pabwalo lawo panali chinthu chachikulu chofundika lona wabuluu, ndipo ana tonse a mumsewumo tinkachiopa chifukwa munkatuluka mavu. Tsiku lina a Coleman ankalimbana ndi chingwe cha lonayo ndi dzanja limodzi. Amalume anawayang'ana kanthawi, kenako anazimitsa fodya n'kudumpha mpanda. Pansi pa lona panali pikapu yakalekale, ya mphuno yobulungira, imene abambo awo a Coleman ankanyamulira fodya ku munda wawo kum'mwera kwa Maryland. Penti yake yobiriwira inali itadyedwa ndi dzimbiri, matayala ataphwa, ndipo mumpando mbewa zinali zitamangamo zisa.

A Coleman ankafuna kuisandutsa hotirodi. Anatulutsa magazini akale onunkha chinyezi n'kutionetsa zithunzi: galimoto zakale zotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, denga lofupikitsidwa, injini yaikulu ili pamtetete yopanda boneti, mapaipi a utsi atatulukira m'mbali. Amalume anatsegula masamba onse, n'kubwerezanso. Madzulo ake tikudya anauza amayi kuti mkuluyo mutu wake sukuyenda bwino.

"Galimoto yabwinobwino akuti tiidule kumbuyo kuti isamanyamulenso kanthu. Kwathu imeneyi ikanadyetsa banja."

"Nanga wawakanira?" anafunsa amayi.

"Ndati ndiiona mawa."

Ndalama panalibe, kaya kwa a Coleman kaya kwa ife, choncho chilichonse chinkachokera kumene anthu amataya galimoto zakufa. Loweruka m'mawa tinkakwera kagalimoto ka a Coleman kupita kumalo ena cha kunjira ya ku Baltimore, kumene munthu umalowa ndi masipanala ako n'kudzimasulira wekha chimene ukufuna. Amayi ankandilola kupita chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira. Kumeneko kunkanunkha oyilo wakale, mphira wotentha ndi udzu wofota. Magalasi osweka ankathetheka pansi pa nsapato, ndipo m'magalimoto ena munkapezeka zidole za ana ndi maambulera oiwalika. Amalume ankagona chagada pafumbi pansi pa galimoto iliyonse imene yawakopa, n'kutuluka ndi mabuleki, masipuling'i kapena mabawuti odzaza m'matumba. Mpando anautenga m'basi ya sukulu. Thanki ya petulo anaipanga kuchokera ku chimgolo cha mpweya chimene wina anataya. Makina owotcherera anabwereka kwa a Mwanza, mnzawo wa abambo wa ku Lusaka, amene ankabwera kudzaona ntchito n'kumapukusa mutu kuti, "Imwe a Malawi, muzapaya munthu na ici cinthu."

Denga analidula mwezi wa Julaye uli kuyamba. Amalume anathera m'mawa wonse akuyeza ndi tepi n'kumalemba mizere ndi choko pazipilala za mawindo. A Coleman anakhala pampando wa pulasitiki, tiyi wozizira ali m'kapu. Girainda itayamba kulira, nthethe za moto zinauluka mpaka pakapinga, ndipo ine anandipatsa paipi ya madzi kuti ndizithira pomwe payamba kufuka. Atamaliza, amuna anayi ananyamula dengalo n'kuliika pansi. Galimoto inatsala yangati mbale. Ndinaona a Coleman akuvula chipewa n'kupukuta nkhope nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti ndi thukuta. Kulibwezera dengalo kunatenga masabata, chifukwa litatsika silinkakumananso ndi zipilala zake. Amalume ankadula timapisi ta chitsulo kuchokera kuchitseko cha firiji yakale n'kumawotcherera kamodzikamodzi. M'mikono mwawo munadzaza timabala ta moto, koma anayamba kudya bwino, ndipo nthawi zina ankaimba mluzu.

Injini yoyamba inali yaikulu, ya masilinda asanu ndi atatu, yochokera m'galimoto imene inagundidwa kumbuyo. A Coleman anagulitsa makina awo otchetchera kapinga kuti aipeze. Anaikoka ndi tcheni chomangirira kunthambi ya mtengo, ndipo amalume anaiphwasula yonse, n'kutsuka chidutswa chilichonse m'beseni la amayi losambitsira ana. Atachotsa girizi yense ndi pomwe anaona mng'alu, wopyapyala ngati tsitsi, ukuyenda m'mbali mwa chitsulo chachikulu. Anaukanda ndi chikhadabo kangapo. Kenako anapukuta manja, n'kudutsa pageti la a Coleman, n'kulowera wapansi cha kumsewu waukulu.

Anabwera tsiku lotsatira masana, atatsitsidwa ndi munthu amene sitinkamudziwa. Malaya anali ong'ambika paphewa, ndipo fungo la mowa linawatsogolera polowa m'khitchini. Abambo, amene ankayendetsa galimoto yonyamula odwala ndipo sankakonda zolankhulalankhula, anaima pakhomo la kuchipinda chapansi.

"Alamu, muno muli mwana. Komanso mukagwidwa ndi apolisi, vuto silikhala lanu nokha."

Amayi ndi abambo anadzitsekera kuchipinda, ndipo mawu awo ankamveka otsika koma othamanga. Ndinamva abambo akunena za kusintha tsiku la tikiti. Ndinamva amayi akuti akabwerera ali choncho ndiye kuti tikamuika m'manda chaka chisanathe. Ine ndinakhala pabalaza n'kukweza wailesi yakanema.

M'mawa mwake a Coleman anagogoda pakhomo lathu lakutsogolo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anavala malaya ositidwa. Anauza amayi m'Chingerezi chawo chokoka kuti akufuna makaniko wawo, chifukwa kuli injini ina imene mnzawo wa kutchalitchi akufuna kuitaya, ndipo iwo sangathe kuinyamula ndi dzanja limodzi. Za dzulo lake sanatchuleko. Anadikira pakhonde mpaka amalume anatuluka, maso ali ofiira, nsapato zosamanga. Abambo anawayang'ana ali pawindo, ndipo nkhani ya tikiti sinamvekenso.

Injini yachiwiri inali yaing'onoko, yakuda bii ndi oyilo, koma yopanda mng'alu. Inalira Lamulungu lina mu Ogasiti, titangofika kuchokera kutchalitchi. Amalume anathira petulo pang'ono mukabureta ndi kabotolo, a Coleman n'kupotokola kiyi. Inatsokomola, n'kulavula moto m'mapaipi, kenako inabangula mwakuti mawindo a khitchini yathu ananjenjemera. Agalu a mumsewu wonse anayamba kuuwa. Nthawi imeneyo ine ndinali m'nyumba, foni ili kukhutu, ndikucheza ndi Chisomo. Anandifunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Foni yathu inali yopanda chingwe, ndiye ndinathamanga nayo panja, n'kupyola pampanda, n'kuilozetsa ku injiniyo. Nditaibwezera kukhutu ndinamufunsa ngati wamva.

"Ndikungomva ngati mvula pamalata," anatero. Kenako anafunsa kuti, "Adadi ali pompo?"

Sindinaganize chilichonse. Ndinangotambasula dzanja n'kuwapatsa. Amalume anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana manja awo akuda, ndipo a Coleman anazimitsa injini. Kutati zii, kunkangomveka chitsulo chikuthetheka pozizira. Anailandira ndi zala ziwiri n'kupita nayo kuseri kwa mtengo. Analankhula kanthawi kochepa chabe, chifukwa khadi linatha. Zimene ndinamva ndi zoti, "Eya, mama. Ndine. Eya." Girizi wa zala zawo anakanirira pamabatani a foniyo mpaka pamene tinaitaya.

Galimotoyo sinkaloledwa kuyenda pamsewu chifukwa inalibe mapepala, ndipo amalume analibe laisensi ya kuno. A Mwanza anaikoka ndi lole yawo kupita nayo pabwalo loimikapo magalimoto la tchalitchi chathu, tsiku limene kunalibe mapemphero. Inali isanapakidwe penti, inali yotuwa ndi mawanga a dzimbiri, ndipo mizere ya powotcherera inkaonekera. Amalume anayendetsa, a Coleman anakhala mbali inayo, ine pakati. Denga linali lotsika mwakuti akuluakuluwo ankachita kuweramitsa mitu. Pansi pankatentha kumapazi, m'kati munkanunkha petulo ndi chikopa chakale cha mpando wa basi, ndipo phokoso linkamveka m'mano. Tinazungulira mizati ya magetsi kambirimbiri. Pamzere wautali amalume anaponda kamodzi kokha, ndipo msana wanga unakanikizika kumpando. A Coleman anaseka mpaka kutsokomola.

Viza inkatha kumapeto kwa mwezi womwewo. Amayi ankafuna kuti amalume atsale, monga ankachitira ena ambiri, n'kumagwira maganyu m'magalaja mpaka zinthu zitadzalongosoka. A Mwanza anali atawapezera kale malo. Amayi anawanyengerera m'khitchini, m'galimoto, ngakhale pabwalo la tchalitchi. Ankati kwathu akakumananso ndi anzawo omwe aja, mabala omwe aja. Amalume ankamvetsera mpaka amayi atamaliza, n'kuyankha zomwezomwezo.

"Achemwali, mwana uja ndamuuza kuti ndikubwera."

Tinawaperekeza kubwalo la ndege la Dulles masana a tsiku lina lotentha kwambiri. M'sutikesi munali zovala za Chisomo zimene amayi anagula ndi masipanala amene a Coleman anawapatsa. Ine ndinakana kutsika m'galimoto. Amalume anagogoda pawindo, ndipo ndinayang'ana kumbali. Penti yofiira imene ndinasankha ndekha inali m'zitini m'galaja ya a Coleman, yosatsegula. Sinapakidwe konse. A Coleman anadzapeza mapepala, ndipo kwa zaka zingapo ankaiyendetsa yotuwa choncho Loweruka m'mawa, kupita kumene okonda galimoto zakale amakumana. Atamwalira, ana awo anaigulitsa kwa munthu wa ku Virginia.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya munthu amene anasiya ntchito yabwino isanathe. Ndinapita ku Blantyre ndili wamkulu kale, ndili ndi zaka zoposa zimene amalume anali nazo nthawi ija. Ndinawapeza ali ndi imvi, ali ndi kagalaja ku Chirimba. Mowa sanausiye tsiku limodzi, anagwa n'kudzuka kangapo, koma Chisomo anakulira m'nyumba mwawo ndipo pano ndi mphunzitsi. Tikusenda mbatata pakhonde ndinamufotokozera za galimoto ija, za denga, za kutentha kwa chilimwe chimenecho. Anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti sizikumukhudza. Kwa iye miyezi imeneyo inali yozizira, ya chiperoni. Ankagona ndi juzi ya amayi ake, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kusukulu podzera njira yaitali ya kusiteji ya maminibasi, kuti aone amene akutsika. Sanauzepo munthu. Ine ndili mwana ndinkadziwa bawuti iliyonse ya galimoto ija, ndipo ndinkalankhula naye Lamulungu lililonse, koma sindinamufunsepo ngati akudikira.