Dimba la a Maharjan Pamsewu

A Hira Kaji Maharjan anabadwa mlimi, koma minda ya makolo awo ku Patan inamera nyumba zosanja. Khasu analipachika, n'kumangoothera dzuwa pakhonde.

Tsiku lina a khonsolo anakumba msewu wawo kuti aikemo mapaipi a madzi. Anaunjika dothi m'mbali, kenako zii, osaonekanso. A Hira Kaji anatapa dothilo n'kulinunkhiza. Lakuda bii, lachonde! M'mawa mwake anafesapo mpiru.

Chaka ndi chaka zinkayenda choncho. Okumba akafukula n'kuthawa, iwo ankadzala mpiru, adyo, ngakhale maungu, ndipo msewu wonse unkadya ndiwo zaulere. Anzawo akamatukwana khonsolo, iwo ankangothirira mwakachetechete.

Chaka chino kunabwera kapitawo wachitsikana, wosadziwa kucheza. Mwezi usanathe mapaipi analowa, ngalande anaikwirira, pamwamba phula. Mpiru unapita usanalawidwe n'komwe.

Tsiku limene mpopi wa m'nyumba unayamba kutulutsa madzi, akazi awo, a Nani Maya, anakuwa akuvina: "Bambo, tabwerani mudzaone! Madzi mbwee!"

A Hira Kaji anasuzumira mumphika, n'kucheukira phula lija.

"Ndawaona madziwo, mayi," anatero. "Nanga tithirira chiyani?"